Must wa M'munda mwa Apongozi

Ndinalakwa ine, ndipo ndiulule ndisanafe: ndinakalipira apongozi anga aakazi m'Chingerezi, m'munda mwawo momwe.

Masiku amenewo ndinali kapitawo pa esiteti ya thonje cha ku Magomero. Sukulu ndinalekera panjira, koma liwu limodzi la mzungu ndinaligwira zolimba: must. Akati "You must!" panalibe kufunsa, panalibe za mawa. Ine ndinkalitchula mokoma kuposa mwiniwakeyo, mpaka anthu a thangata anandipatsa dzina loti Masiti. Kunena zoona, linkandikhala!

Tsono kumudzi ndinali mkamwini chabe. Tsiku lina ndikuweruka, ndinaona munthu atakhala pansi kuseri kwa nandolo, khasu lili poteropo. Ndinati ndi mkazi wanga.

"Iwe! You must work! Dzuka!"

Amene anadzuka ndi apongozi. Munthu woti tikakumana panjira ndimayenera kupatukira patchire, ine ndinali nditamuloza chala, maso ndi maso!

Pofika kunyumba ndinapeza mphasa yanga ili panja, yokulungakulunga. Pambali pake panakhala a Chikopa, atsibweni a mkazi wanga.

"Akamwini, masiti n'chiyani?"

M'malo mogwada, ine ndinakonza kolala.

"Ndi mawu aakulu, bambo. Amanena mwini malo kwa munthu wokhala pamalo pake. Sakanidwa."

"Sakanidwa?"

"Ngakhale pang'ono!"

"Nanga munda uja ngwa yani?"

"Ngwa apongozi."

"Nyumba mukugonayi yaima pa dothi la yani?"

"La... apongozi."

"Basi, mwatiphunzitsa bwino. Yu masiti go!"

Katchulidwe kawo kanali kopotoka, koma sindinawakonze. Ndinacheukira mkazi wanga kuti andiombole. Iye anangondisenzetsa mphasa ija.

"Sakanidwa, mwanena nokha."

Masiku atatu ndinagona pakhonde la mnzanga, ukwati uli lende. Apo m'pamene ndinadziwa kuti wogona pa dothi la eni sabwereka pakamwa pa mwini esiteti.

Tsiku lachinayi ndinabwerera ndi tambala kukhwapa. Ndinagwada kuseri kwa nkhokwe, nkhope nditalozetsa kumbali monga achitira mkamwini woleredwa, n'kuwomba m'manja.

"Amayi, pepani, ndinalakwa. Munda ngwanu, mwana ngwanu, must nayenso ngwanu. Ine langa ndi khasu lokha. Chonde ndilowetseko mphasayi."