Sabata Yophunzira Kuugwira Mtima

Lolemba
Nkhani yabwino! Kuchipatala akufuna munthu wokolopa ndi kuchapa mabandeji. Mafunso ali Lachisanu. Msuweni wanga Rozita, amene amagwira komweko, akuti mkulu wa anamwino, mayi Amelia, ali ndi funso limodzi limene amagwetsera anthu: wodwala akakutukwana, umatani? Kenako Rozita akuti, "Iweyo ndiye kaya."
Ntchitoyi ndikuifuna. Bambo a ana anatengedwa kunkhondo chaka chatha, kumunda kwathu ku Mongue sikupitika, ndipo antchito a kuchipatala amalandirako ufa. Choncho kuyambira lero:
osakalipa
osalira
osaseka ena asakuseka
Lero ndapambana. Sindinatuluke m'nyumba.

Lachiwiri
Pa bicha, mzere wodikira mchere, kuyambira m'mamawa. Rozita anati mtima ukayamba kuwira ndiziwerenga mpaka khumi m'Chipwitikizi, poti ndimachedwa kukumbukira. Mayi wina akulowerera patsogolo panga, ati mwala umene anasiya dzulo ndiwo unamusungira malo. Mwala! Umu, doyishi, tireshi. Ndisanafike pa kwaturu ndamuuza za mwala wake, za iye mwini, ndi za amene anamulera.
Mchere watha ine ndisanafike.

Lachitatu
Mlamu wanga Fatima wavomera kukhala wodwala kuti ndiyeserere. Wagona pamphasa, wabuula pang'ono, wayamba: ndine waulesi, ndiwo zanga zili ngati madzi otsukira mbale, achimwene ake akadangokwatira mtsikana wa ku Muloza uja. Ine kumwetulira, pepani mayi, mupeza bwino. Koma mtsikana wa ku Muloza uti? Zaka zonsezi palibe anandiuzapo.
Kukalipa: inde.
Kulira: inde.
Wodwala wachira pomwepo, wathawa chothamanga.

Lachinayi
Masana mfuti zikulira cha kumsewu wa ku Mongue. Tonse kuthawira m'munda wa tiyi. Chodabwitsa, mtima uli zii. Mwana wamng'ono kumsana, wamkulu ndikukoka, ndikutonthoza ngakhale mlamu amene sitikuyankhulana. Mfuti zaleka, tabwerera, m'tauni muli bwinobwino. Koma mbuzi ya aneba yadya kolala ya bulauzi imene ndinayanika kuti ndivale mawa.
Aneba akuti mawu anga amveka mpaka ku malire.

Lachisanu
Kapulana, chitenje changa, paphewa, kubisa kolala. Mayi Amelia ndi aafupi, maso otopa. Funso lija lafika. Ndikuyankha monga ndinaloweza: ine sindikwiya, sindilira, mtima wanga ndi madzi a mumtsuko.
Pomwepo akulowetsa mayi amene wayenda masiku awiri kuchokera kutchire, mwana kumsana, mapazi ong'ambikang'ambika. Mayi Amelia akundipatsa beseni. Ndikutsuka mapaziwo, misozi ikudonthera m'beseni momwemo. Mlonda waima pakhomo, akungoonerera. Ndamukalipira kuti akatunge madzi ena. Wapita chothamanga. Zonse ziwiri pamaso pa abwana!
Titamaliza, mayi Amelia akuti: "Mwandinamiza, mayi. Kuno tonse timalira, koma kuseri kwa thanki yamadzi, ntchito ikatha. Manja anu okha ndaona kuti sananjenjemere. Pitani."
Pitani ameneyu ndi wotani?

Loweruka
Rozita wafika ndi yankho. Ndikayambe Lolemba, mwezi umodzi woyesedwa. Ndikangokalipira wodwala mmodzi, ndabwerera kunyumba. Za mlonda akuti mayi Amelia sananenepo kanthu.
Ndaseka, ndalira, mlamu walira nane. Za ku Muloza zija akuti anangopeka kuti ndiphunzire bwino. Kaya.

Lamulungu
Ku misa wansembe akulalikira za kufatsa, theka la tchalitchi likucheukira kwa ine. Basi, ndasiya. Mtima ndi womwewu, wina sindiupeza mawa lisanafike.
Pobwerera ndadzera kuchipatala kukaona thanki ija. Kuseri kwake kuli mthunzi, ndi njerwa zitatu zokhalira, zosalala ndi ntchito. Ndawonjezerapo yachinayi.