A Dominiko, Mmisiri Woyeza Chigongono

A Dominiko a ku Bowe, mmisiri woumba makauntala a m'khitchini, sankayeza khitchini. Ankayeza wophika. Tepi anali nayo, yachikasu, koma inkagwira ntchito ya lamba wa buluku. Chida chawo chenicheni chinali chingwe cha khonje. Akafika pakhomo, asanatsike n'komwe panjinga, ankafunsa kuti, "Amaphika ndani pano?" Wophikayo akatuluka ankamuimika pamalo osalala, n'kuponda nsonga ya chingwe ndi chala chachikulu, n'kuchikweza mpaka pachigongono pake, n'kutsitsa zala zinayi, n'kumanga mfundo. Kauntala inkathera pa mfundo imeneyo. Chingwecho ankapita nacho kwawo, ndipo palibe amene ankadziwa kuti amakachita nacho chiyani.

Ku Msakambewa, mayi Roza anamva za muyezowu ndipo anadzuka atavala nsapato zazitali za kuukwati, kuti kauntala yawo ipose ya mkazi wa mlamu wawo.

"Mumaphika mutavala zimenezi?" anafunsa a Dominiko.

"Nthawi zina."

"Ndiye ndidikira nthawi zinazo zithe."

A Dominiko anakakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira mmawa mpaka ana ataweruka kusukulu. Mayi Roza anatuluka ndi mapazi otupa, nsapato zili m'manja, ndipo anayezedwa atafupikirapo ndi chala chimodzi chifukwa cha kutopa.

Ntchito ikatha, a Dominiko ankapempha dzira. Ankaliika kumapeto kwa kauntala, ndipo linkayenera kugubuduka pang'onopang'ono kulowera ku sinki. Likaima, ndiye kuti madzi adzadikha. Likathamanga, ndiye kuti mbale zidzalitsatira. Dzira la nkhanga ankalikana, ati limathamanga mwachibadwa. Mayeso akatha ankaliwiritsa n'kulidya okha, ndipo ankati ndi lamulo la ntchito.

Koma amene amawadziwa bwino mmisiriyu ndi mayi Margareta, amake Eveline, chifukwa anawakwiyira kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Mayi Margareta anali ataphika chowerama pa mafuwa kuyambira ali mtsikana. Chaka chimene fodya anawayanja, amuna awo a Andreya anamanga nyumba yamalata yokhala ndi khitchini mkati, ndipo mwana wawo Eveline, wogwira ntchito ku Lilongwe, anatumiza sinki pamodzi ndi chithunzi cha khitchini ya anthu olemera. Mayiwo chithunzicho sanachisamale. Iwo ankafuna chinthu chimodzi chokha: malo awoawo oduliramo ndiwo ndi kutsukiramo mbale msana uli chilili. A Andreya, munthu wamtali ngati mlongoti wa magetsi, anali ndi maganizo ena. Chigafa chawo chinkadontha, ndipo m'mutu mwawo kauntala yosalala inali kale malo osankhirapo fodya.

"Amaphika ndani pano?" anafunsa a Dominiko ali panjinga.

"Tonse," anayankha a Andreya mofulumira, akuongola khosi kuti ayezedwe.

A Dominiko anatsika, napempha anyezi ndi mpeni, nazipereka kwa bambowo. A Andreya anamugwira anyeziyo ngati akufuna kumufunsa mlandu, n'kumudula pakati ndi makoko omwe, n'kupukuta mpeni pa buluku.

"Mchere umakhala pati?"

A Andreya analoza chitini cha pawindo. A Dominiko anachitsegula. Munali mankhwala a anankafumbwe.

"Mayi, bwerani muime apa," anatero mmisiriyo. "Bambowa akanakuphikirani kamodzi kokha."

Mayi Margareta anaima, mtima uli mbee. Chingwe chinakwera mpaka pachigongono, zala zinayi zinatsika, mfundo inamangidwa. Kenako a Dominiko anachita chimene anali asanachitepo pakhomo la munthu wina m'mudzimo. Anakoka mpando.

"Tsopano khalani."

"Ndikhale chifukwa chiyani? Sindinatope."

"Mayi anu ndinkawadziwa, ankakhala kuseri kwa tchalitchi. Ukalamba unawayamba pati, maso kapena mawondo?"

"Mawondo. Nanga zikukhudzana bwanji ndi simenti?"

"Khalani, mayi."

Anakhala, ndipo pa chingwe pomwepo panamangidwa mfundo yachiwiri, m'munsi mwa yoyamba.

Patapita masiku atatu matabwa atakhomedwa, zitsulo zitalukidwa, simenti itathiridwa ndi kusalazidwa, anthu anaona chinthu chachilendo. Kauntala inayenda bwinobwino kuchokera pakhomo kudutsa pa sinki, koma itafika pawindo inatsika mwadzidzidzi n'kukhala kachigawo kakafupi, kopanda kabati kunsi, mphako yokhayokha. Amayi a pamjigo anabwera kudzasuzumira, ndipo dzuwa lisanapendeke mudzi wonse unali utadziwa kuti kwa a Andreya kuli kauntala yobereka mwana. Eveline ataona chithunzi pafoni anaimba nthawi yomweyo kufunsa ngati mmisiriyo simenti inamuthera.

Mayi Margareta zinawapweteka kwambiri. Anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, ankasenza thumba la mtedza kuchokera kumunda osapuma, ndipo munthu uyu anali atawamangira mpando wa nkhalamba m'nyumba yawo yatsopano, anthu onse akuona.

"A Dominiko, mwandinyoza," anatero. "Mwandiona kuti ndatha?"

"Ayi, mayi. Ndikwiyireni panopa, nthawi ilipo."

A Dominiko anayala ziguduli zonyowa pamwamba pa simenti, nalengeza kuti kwa masiku asanu ndi awiri pasagunde munthu, nkhuku kapena mlendo. Atatero anapalasa njinga kupita kusitolo kukagula misomali.

Apa ndi pamene a Andreya anachimwa. Mlimi aliyense wa fodya amadziwa kuti tsamba likauma kwambiri limafuna chinyezi kuti lifewe lisanasankhidwe. Bambowo analowa m'khitchini, anaona ziguduli zonyowa zitayalidwa pamalo ozizira, ndipo mtima wawo sunapirire. Anaganiza kuti kachigawo kakafupi kaja n'kopanda ntchito kale. Anatenga masamba abwino kwambiri, nawalowetsa pansi pa chiguduli, natsindikiza ndi njerwa ziwiri.

A Dominiko atabwerera anavundukula chigudulicho. Pa simenti panali patadindika tsamba la fodya lathunthu, mitsempha yake yonse ikuoneka. Sanakalipe. Anatulutsa chingwe chatsopano m'thumba.

"Bambo, taimani mowongoka."

A Andreya anasangalala, poganiza kuti tsopano nawonso ayezedwa. Koma chingwe chinadutsa chigongono, chinadutsa phewa, mpaka pamwamba pamutu. Kenako chinayeza mapewa m'lifupi.

"Mukundiyezeranji chonchi?"

"Ndimaumbanso ziliza," anatero a Dominiko akumanga mfundo. "Mukadzagundanso simenti yanga, sindikufuna kudzavutitsa anamfedwa ndi muyezo."

Tsambalo anakana kulifafaniza, ati mlandu uzioneka. Ndipo chilango chinali chakuti madzi othirira simenti, katatu pa tsiku kwa sabata yathunthu, azikatunga mwini tsambalo. Choncho anthu a ku Bowe anaona a Andreya, bambo wa mabelo makumi awiri, ali pamzere pamjigo pakati pa amayi, ndowa ili pamutu, madzi akutayikira m'khosi, a Dominiko akuwatsatira pambuyo panjinga n'kumaimba belu. Pofika tsiku lachisanu anali ataphunzira kupota nkhata, ndipo ankadziwa nkhani za mabanja onse a m'mudzimo kuposa akazi awo.

Tsiku la dzira khitchini inadzaza. Dzira linagubuduka mwaulemu kuchokera pakhomo, linadutsa pakati, n'kukaima m'mphepete mwa sinki. Anthu anaomba m'manja. Wina anafunsa ngati kamwana kajanso kayesedwa.

"Nkhuku yoikira dzira la apa sinabadwe," anayankha a Dominiko, akusenda lawo.

Zaka zinapita. Mayi Margareta ankagwira ntchito msana uli chilili, ndipo kumbali imeneyo analibe chodandaula, ngakhale sanawauzepo mmisiriyo. Kachigawo kakafupi kanasanduka malo a beseni, wailesi ndi mphaka. Lamulungu lililonse potuluka m'tchalitchi mayiwo ankadikira mpaka a Dominiko ayang'ane, n'kugwada bondo limodzi, n'kudzuka osagwira benchi.

"Mawondo alipo, a Dominiko," ankatero pakhomo la tchalitchi.

"Tithokoze Mulungu, mayi. Simenti siili pachangu."

Chaka cha khumi ndi chimodzi mawondo aja anayamba. Poyamba ankangolira pokwera chitunda, kenako anayamba kutupa, ndipo pofika nthawi yokolola mayi Margareta sankatha kuima pa kauntala mpaka kumaliza kudula mpiru wa mphika umodzi. Ankatsamira pa sinki, thukuta lili kamukamu, koma kachigawo kaja osakayang'ana. Kutchalitchi anasamukira ku benchi ya kumbuyo kuti a Dominiko asaone. Eveline atabwera pa tchuthi anaona zonse, ndipo ananena mosabisa kuti mvula isanagwe adzawatenga kupita nawo ku Lilongwe, kumene kuli wantchito wophika, iwo azikangokhala. Mayiwo anachita mantha kuposa mmene anachitira ndi matendawo. Munthu amene wadyetsa nyumba kwa zaka makumi anayi sakhala bwino pa sofa kudikira mbale.

Mwezi womwewo a Dominiko anamwalira. Anadwala masiku anayi okha, ndipo akuti mawu awo omaliza anali odandaula kuti bedi la kuchipatala linali lopendekeka, silinali pa levulo.

Mayi Margareta anapita kumaliro atakwezedwa panjinga ya amuna awo. Mwambo utatha, mlongo wa malemuyo, mayi Luckness, anatsegula kachipinda ka zida n'kuitana amayi. Khoma lonse linali misomali, ndipo pa msomali uliwonse panali chingwe cha khonje, zonse pamodzi zoposa mazana atatu, popanda ngakhale dzina limodzi.

"Ankati mayina amaiwalika koma chigongono sichinama," anatero mayi Luckness. "Aliyense atenge chake."

Pabwalo la maliro panasanduka msika. Amayi a ku Bowe, ku Dzoole ndi ku Msakambewa ankaponda zingwe n'kumadziyeza, kusinthana, kukangana, ena akulira, ena akuseka misozi ili m'masaya. Mayi Roza anapeza chawo ndipo anakana kuti sichingakhale chachifupi chotero. A Andreya anaona chachitali kwambiri chili pachokha pakona, anachizindikira, n'kuchipinda msangamsanga n'kuchibisa m'thumba la jekete.

Mayi Margareta sanavutike kufunafuna. Chawo chinali ndi mfundo ziwiri. Anachigwira, nakhala pansi pakhonde, ndipo chisoni chimene chinawagwira chinali chosakanikirana ndi manyazi. Kwa zaka khumi ndi chimodzi anali atamuonetsa munthuyo mawondo Lamulungu lililonse, koma zikomo sanamuuzepo ngakhale kamodzi.

Atafika kunyumba sanavule n'komwe mpango wa kumaliro. Anachotsa beseni, anachotsa wailesi, anathamangitsa mphaka. Anakoka mpando n'kukhala. Mawondo analowa m'mphako muja osagunda paliponse. Anaika mkono pa simenti, ndipo chigongono chinali pamwamba ndi zala zinayi ndendende. Kuwala kwa pawindo kunkagwera pamene pankayenera kukhala mpeni. Anatenga mpiru n'kuyamba kudula, ndipo anamaliza mtolo wonse osapuma.

A Andreya anaimirira pakhomo kwa kanthawi, kenako anatuluka. Anabwerera ndi dzira lofunda la m'khola.

"Amake Eveline, apa sipanayesedwe."

Analiika kumapeto. Dzira linagubuduka pang'onopang'ono, linafika pa chidindo cha tsamba la fodya chija, n'kukhazikika momwemo, pafupi ndi dzanja la mayiwo.

"Laima," anatero a Andreya modandaula. "Ndine ndinalakwitsa."

"Laima pamene ndingalifikire," anayankha mayi Margareta. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Muimbireni Eveline. Muuzeni kuti ku Lilongwe sindipita, ndili ndi ntchito. Ndipo dziralo musalidye, ndi la mmisiri."

Analiwiritsa, ndipo mmawa mwake a Andreya anakalipereka kwa mayi Luckness litakulungidwa m'kansalu.

Ku Bowe nyumba zamalata zikumangidwabe, ndipo amisiri amabwera kuchokera ku Mponela pa njinga zamoto, ali ndi tepi, levulo ndi zithunzi pafoni. Ntchito yawo ndi yosalala ndithu, ndipo amaimaliza tsiku limodzi. Makauntala awo onse ndi ofanana msinkhu, moti amayi aafupi amaikapo njerwa zopondapo, aatali amawerama monga ankachitira pa mafuwa. Mayi Margareta amawamva amisiriwo akudutsa pamsewu ali pampando wawo pawindo, chingwe cha mfundo ziwiri chili pa msomali pambali pa mchere. Amatchera khutu njinga ikaima pakhomo la mnansi. Amamva moni, amamva tepi ikukokedwa, koma palibe amene amafunsa kuti amaphika ndani.