Zikomo Bwana, Lonjezo Lanu Ndi Chithunzi Chokongola

Kwa Bwana Mkulu Woona za Chisamaliro cha Anthu Onse,
Kampani Yotumiza Katundu ya Fikitsani.

Wolemekezeka Bwana,

Dzulo masana tsamba lanu la pa intaneti lakana achemwali anga kachikhumi ndi chinayi. Akufunsira ntchito yoyankha mafoni imene mwalengeza, ndipo kulandira mafomu mukutseka Lachisanu 12 koloko masana. Achemwaliwo saona. Anayankha mafoni pa ofesi ina kwa zaka 19 mpaka ofesiyo itatsekedwa chaka chatha. Amalemba pa kompyuta mawu 60 pa mphindi, mothandizidwa ndi pulogalamu imene imawawerengera mokweza zolembedwa pa sikirini. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, woyesa magazi mu labotale, munthu wosadziwa za makampani akuluakulu. Ndalemba kudzera mu nyuzi ino kuti ndithokoze basi.

1. Zikomo chifukwa cha lonjezo lanu lakuti "Palibe Wotsalira", loti aliyense waulumali adzatha kugwiritsa ntchito tsamba lanu payekha. Munasaina ndi cholembera chabuluu, n'kudindapo chidindo. Kenako wina anajambula pepalalo ndi kamera n'kuika chithunzicho pa tsamba. Pulogalamu ya achemwali ikafika pamenepo imangoti, "Chithunzi," n'kudutsa. Ndinawawerengera ndine. Muli mawu 412, ndipo liwu loti "onse" likupezekamo kakhumi ndi kamodzi. Nditamaliza anati, "Bwerezanso poti adzatimvetsera paja, achimwene, pamenepo pandikoma."

2. Zikomo chifukwa cha mabatani. Pa fomu yonse alipo 31, ndipo 27 simunawapatse mayina. Woona amadziwa ntchito yake poyang'ana tizithunzi. Achemwali amangomva kuti, "Batani. Batani. Batani." Tsono amayesa limodzilimodzi. Alamu anga, amuna awo a achemwali, amene ndi telala ndipo amasokera zovala m'chipinda chomwe muli kompyutayo, aloweza kale ena. Amakuwa makina osokera akulira, "Lachiwirilo ayi, Mayi, dzulo linatiponya ku tsamba logulitsa makatoni!" Poyesayesa tapeza kuti batani lofufuta zonse munaliika moyandikana ndi lopitira patsogolo. Amene anaganiza zimenezi mumupatse moni wanga.

3. Zikomo potiteteza. Tsamba lililonse la fomu limadzitseka lokha pakatha mphindi zisanu, kuopa akuba. Ndinabwereka wotchi ya ku labotale. Kumvetsera chabe mitu ndi zotsatsa malonda zimene zili pamwamba, funso loyamba lisanafike, kumatenga mphindi zitatu ndi masekondi 40. Wakuba aliyense wosaona amene ankafuna kukuberani ntchito yoyankha mafoni wagwira njakata.

4. Zikomo pofuna umboni woti achemwali ndi munthu osati makina. Umboni wake ndi kusankha zithunzi zimene muli njinga. Ndivomereze, Bwana, chifukwa sindifuna kukunamizirani: njira yomvetsera munaikapo. Batani lake lili m'gulu la opanda mayina aja. Titalipeza, tinamva munthu akutchula manambala ngati waima m'chigayo chikugaya. Makutu anga ndi abwinobwino, koma pa maulendo asanu ndi limodzi ndinakhoza kamodzi.

5. Lolemba tinabwera ku ofesi yanu. Zikomo chifukwa cha njira yotsetsereka ya anthu oyenda pa njinga za olumala, yopentedwa chikasu. Mlonda wanu atangoona ndodo yoyera anakakamira kuti achemwali adzere pomwepo, ngakhale miyendo yawo imakwera masitepe kuposa yanga. Kumapeto kwa njirayo munaikako mphika waukulu wa maluwa. Bondo lawo lakumanja linaudziwa mphikawo.

Mtsikana wolandira alendo anayang'ana ine n'kufunsa, "Akufuna chiyani amayiwa?" Achemwali anayankha okha: "Amayiwa ali pompano, mwanawe, ndipo amayankhula." Kuyambira pamenepo mtsikanayo anayamba kuwakuwira pang'onopang'ono, poganiza kuti maso akapita amatenga makutu. Anafotokoza kuti mafomu a pepala munathetsa pofuna kuteteza mitengo. Kenako anawapatsa kapepala kosalala, kosindikizidwa bwino, kokhala ndi timabokosi takuda toti ajambule ndi foni. Ndinajambula ine. Tinabwerera pa tsamba lomwe lija.

Mtsikanayo sindikumuimba mlandu. Anachita zimene anaphunzitsidwa, ndipo anamwetulira mpaka tinatuluka.

Mwina mukufunsa chifukwa chimene ine sindikungowadzazira fomuyo. Inunso munaganizapo kale, Bwana. Pa tsamba lomaliza pali kabokosi koti wofunsira atsimikize kuti wadzaza yekha popanda womuthandiza, ndipo wonama adzachotsedwa pa mndandanda. Alamu anati tingochonga, palibe adzadziwe. Achemwali anakana. Anati, "Ndilowe ntchito ndi bodza, Bambo? Ndiye kasitomala akadzaimba kufunsa katundu wake ndizidzamuuza chiyani?" Chotero munthu wosaona ali ndi njira ziwiri pa kampani yanu: kulephera moona mtima kapena kukhoza monama. Makampani ena sapereka ngakhale mwayi wosankha.

Pa umbuli wanga ndinawerengako malangizo a momwe masamba a pa intaneti amakonzedwera kuti osaona aziwagwiritsa ntchito. Akhalapo zaka zoposa makumi awiri, ndipo aliyense angathe kuwawerenga. Kupatsa batani dzina ndi mzere umodzi. Kuika lonjezo lanu ngati mawu enieni ndi kungolilembanso. Sindikunena kuti akatswiri anu sakudziwa zimenezi. Ndikukhulupirira kuti atanganidwa ndi zinthu zofunika, monga kagalimoto kaja kamene kamathamanga pa sikirini munthu akamadikira.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wotsika ngati ine. Lachisanu 8 koloko m'mawa achemwali adzafika pa ofesi yanu ndi kompyuta yawo, n'kukhala pa benchi ya alendo. Chonde tsikani, mukhale pambali pawo, awazimitse magetsi a sikirini monga amachitira masiku onse, akuvekeni zomvetsera kumakutu, ndipo mudzaze fomuyo nokha. Dzina lanu mumalidziwa, masukulu anu mumawadziwa, tsambalo ndi lanu. Mukafika kumapeto, achemwali adzanyamuka n'kubwerera kwawo, ndipo ine ndidzalemba kalata yopepesa mu nyuzi yomwe ino. Mukakanika, mulandire kalata yawo yofunsira ntchito, imene alemba okha ndipo idzakhala m'chikwama, muiike pamodzi ndi za anzawo.

Mudzakhala ndi maola anayi athunthu. Achemwali akuti musade nkhawa mukasokonezeka, adzakuthandizani, bola kabokosi komaliza musadzachonge.

Ine wanu wogwada ndi maondo onse awiri,

Woyesa magazi,
mlongo wa wofunsira ntchito.