Wotchi ya ku Joni

Lolemba

Dziko lidziwe: ine, wa Sitandade 4 yachizungu, msodzi wopuma, lero ndakwezedwa kukhala Woimba Belu Wamkulu pasukulu yogonera ana a amishoni. Makolo amasinthana kudzathandiza sabata imodziimodzi. Mwana wanga mlaliki ndi mkazi wake ali kwa othawa nkhondo cha ku Chiponde, ndiye m'malo mwawo ndabwera ine.

Anzanga awapatsa makasu. Ine belu! Chifukwa mdzukulu wanga Chisomo wauza sukulu yonse kuti agogo ake ali ndi wotchi ya ku Joni. Ndilidi nayo. Koma inamwalira kalekale, imaloza teni koloko mpaka lero. Ndikaulula, mwanayo anzake amuseka mpaka Khirisimasi.

Nzeru: ndasuzumira wotchi ya muofesi tsiku lonse, ndikuika miyala pamene mthunzi wa mlambe ukufika. Mwala wa tiyi, wa nkhomaliro, wowerukira.

Lachiwiri

Atsikana atola miyala yanga kukasewera phada, aibweza mmene akudziwira. Nkhomaliro ndaimba nyemba zisanapse. Ana akundikonda. Mayi Luwiza ophika, othawa nkhondo a ku Mozambiki, akuti: "Madala, ine ndinathawa mfuti, koma chitsulo chanuchi chindipha."

Lachitatu

Mitambo. Mwera. Mthunzi kulibe! Wandipulumutsa mwazini wa kumzikiti wa kuseri kwa mpanda. Iye akangoitanira mapemphero, ine belu ngwee! Sukulu ya Chikhristu yayenda bwino lero kuposa masiku onse. Adona aakulu a sukulu akuti: "Wotchi yanu yabwino kwambiri, bambo." Ndayankha kuti ndi yopemphera.

Lachinayi

Mwazini wapita kumaliro kwa Mponda osanditsanzika. Munthu wosaganizira anzake! Zotsatira:

samu kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka
aphunzitsi mawu atha
kamzungu kena kagona pasileti
mpunga wapserera

Kamtsikana ka adokotala kandigwira mkono: "Agogo, bwanji nthawi zonse ndi teni?" Ndati ku Joni zinthu sizithamanga.

Lachisanu

Ndadalira malole a chimanga cha othawa nkhondo, amadutsa pa nthawi yake, molondola. Lero imodzi yatitimira mumchenga, ina yabwera kawiri. Ndaimba tiyi kawiri, nkhomaliro sindinaimbe. Adona akuti mawa ndipite nayo wotchi kuofesi, aione okha. Chisomo ndamuona pawindo, sakuseka. Nanenso nthabwala zandithera.

Loweruka

Ndikuganiza zoiponya m'nyanja nkunamizira ng'ona. Chisomo wandipeza pansi pa mlambe. Ndayamba: "Mayi wanga, pali kankhani..." Wandidula.

"Agogo, ndikudziwa. Kwathu ndinkaiika kukhutu inu mukusinza. Koma ndikanapanda kutero akanakupatsani khasu, ndipo munda uli kutali. Belu lili pawindo la kalasi yanga."

Miyezi inayi sanaone amake. Ine kuvutika ndi miyala sabata yonse kuteteza mwana, chonsecho wandilemba ntchito ndi iyeyo! Wabodza ngati agogo ake. M'maso mwandilowa mchenga, mwera uja.

Kuofesi ndaulula zonse. Adona aika wotchi kukhutu, aigwedeza, atembenukira kukhoma. Mapewa akugwedezeka. Ndikuganiza akupemphera.

Lamulungu

Belu alipereka kwa Mayi Luwiza. Akuimba ngati akubwezera. Ine anditsitsa: Woingitsa Mbuzi. Adona andiwonjezera sabata ina, akuti ndi chilango. Mbuzizo, mwamwayi, zimakonda udzu wa pawindo lomwe lija. Ndikaona kuti zikupita kutali ndizizibweza.

Kutchalitchi Chisomo wakhala nane, wavala wotchi, ikumufika m'chigongono. Mapemphero ayamba teni koloko. Yalondola!

Chimodzi ndiulule, poti lero ndi Sabata. Za ku Joni zija ndinapeka ndekha. Ine sindinapitirirepo Liwonde. Wotchiyi ndinaivuula mu ukonde pamodzi ndi usipa, ili kale pa teni. Izi zokha Chisomo sakudziwa. Ndikhulupirira.