Sokosi Wadwala, Amake Tisa Kulibe

Lolemba

Sokosi akuyetsemula. Kasanu ndisanamalize tiyi! Diso lakumanzere lamatika ndi manthongo, mamina ali chuchuchu. Kapenta sakumununkhiza n'komwe.

Mphakayu ndi wa amake Tisa. Iwo ali ku Chipata, Tisa wathu wachira mwana wamwamuna, abwerako Lamulungu. Pokwera basi sananene za nkhuku, za munda, ngakhale za ine. Anangoti, "Sokosi ndidzam'peze monga ndam'siyira."

Ndam'manga m'katoni panjinga mpaka pamsika wa Mfuwe, pamene pamaima galimoto ya dokotala wa nyama zakutchire. Mayi ameneyu amagoneka mkango ndi jakisoni n'kuuchotsa waya pakhosi. Manja omwewo lero agwira Sokosi! Ine chipewa ndachivula osadziwa.

Akuti ndi kachilombo ka chimfine cha amphaka, ife anthu sikatigwira. Kakalowa sikatulukanso. Kamagona m'mitsempha ya kumaso moyo wonse, n'kumadzuka nthawi zina. Ha! Kanthu kosaoneka ndi maso, koma kamanga nyumba mkati mwa Sokosi. Zolenga za Mulungu n'zozama.

Malangizo:
kupukuta maso ndi madzi owiritsa atazirala
mafuta a m'kachubu m'diso, katatu pa tsiku
chakudya chofunda, chonunkhira, chifukwa mphaka wotseka mphuno sadya
nthunzi
mankhwala a mutu a anthufe ayi, amapha mphaka

Kampu ya alendo ya pa Nkwali, kumene ndimagwira ntchito, yatsekera mvula, nthawi ndili nayo. Moyo wanga wonse ndaperekera azungu chakudya, tambula sindinaswepo. Lamulungu likamakwana akhala atachira.

Lachiwiri

Ndakhoma ndandanda pachitseko, ngati ya kukampu.
05:00 kudzutsa mlendo, kansalu kofunda
05:30 diso
07:00 kadzutsa
Kenako kum'zonda theka la ola lililonse.

Mlendo sakonda kudzutsidwa.

Mafuta: dontho loyamba pachitseko, lachiwiri pachikope changa, lachitatu sindikudziwa. Kanyama kopepuka ngati paketi ya shuga, koma mphamvu zake mayo ine! Ndam'kulunga m'thaulo, miyendo inayi yonse mkati, ndaiwerenga ndekha. Mwendo wachisanu watulukira kuti? Wandilemba mizere itatu pamkono, yoongoka bwino ngati waika lula.

Ndikum'lemekeza. Sanadye.

Lachitatu

ASakala a nyumba yoyandikana nafe asuzumira pampanda. "Chona n'chona, achimwene. M'patseni theka la piritsi la mutu basi." Ndawauza mawu a dokotala. Akuti, "Ndiye musiyeni." Anthu ena sadziwa kusamala mlendo.

Lero nthunzi. Kuno nthunzi timaidziwa njira imodzi: mphika wa madzi obwadamuka, masamba a mandimu, bulangete pamutu. Yekha sangafunde, ndiye talowa awiri.

Zimene zachitika m'bulangetemo sindingazilembe mwadongosolo. Mdima, nthunzi, mkuwo wosafanana ndi wa mphaka, mwina unali wanga. Ndinaonapo nyalugwe akukwera mtengo atanyamula mphoyo, koma liwiro ili sindinalionepo. Mphika wagubuduka, mwamwayi sanapse. Bulangete la amake Tisa lili ndi zenera tsopano.

Sokosi ali pamtanda wa denga, akundiyang'ana ndi diso limodzi. Ine mphuno zanga zatseguka kuposa kale lonse, ndikumva fungo la mvuu kumtsinje.

Iye sanadye.

Lachinayi

Tsiku lachinayi osadya. Nthabwala zatha. Nthiti zayamba kuoneka, ndipo ndili ndi mantha.

Zapatebulo:
kapenta wofunda, wosinja
msuzi wa mlamba
chiwindi cha nkhuku

Nkhukuyo ndi ya amake Tisa, koma za nkhuku sananene.

Ndaperekera pa sosala, kuchokera kumanzere, kathaulo pamkono. Wapita kuseri kwa kabati, ndam'tsata. Pansi pa bedi, ndagona chafufumimba, sosala patsogolo. "Lawaniko pang'ono, bwana." Wayetsemulira m'msuzi n'kutembenuka. Ulemerero wake! Ndinatumikirapo nduna, koma kukana chakudya mwaulemu chotere ayi.

Ndam'zonda kakhumi ndi kanayi. Nthawi iliyonse ndam'peza malo ena.

Lachisanu

05:00, kansalu m'manja. Mlendo palibe.

Ndafuna m'nkhokwe, m'chimbudzi, m'mitengo ya mango imene njovu zaithyola sabata ino. Ndagwada paphazi la njovu m'matope kuona ngati pansi pake pali ubweya. Chidzenje cha phazi limodzi ndingakhalemo ine! Ubweya mulibe, zikomo Ambuye.

Foni ya amake Tisa: "Sokosi ali bwanji?" Ndati akupumula. Kumene aliko mwina akupumuladi.

Ndaimbira dokotala, ndaulula zonse. Pa za bulangete akuti nthunzi yake ndi beseni poteropo, mphaka pano, palibe chofunda. Kenako akuti kachilomboka kamadzuka mphaka akasowa mtendere: kusamuka, kugwiridwagwiridwa, kapena munthu amene anam'zolowera akachoka. "Kodi pakhomo pasintha china?"

Ndayang'ana mpando wa amake Tisa. Kanthu kopanda maso, kopanda makutu, kadziwa bwanji kuti akwera basi?

Loweruka

Wapezeka! Ali m'khitchini mwa aSakala, pamwamba pa thumba la makala, pafupi ndi moto. Akudya mitu ya nsomba. AKUDYA!

Ndafunsa amayi Sakala chimene am'chita. "Ife? Sitim'yang'ana n'komwe. Wabwera dzulo, wagona, wadzuka, wadya."

Ndandanda palibe. Sosala palibe, ndi chivundikiro cha chitini.

Ndaonerera kuseri kwa mpanda. Diso latseguka theka. Akunyambita dzanja, kupukuta nkhope, kunyambita, kupukuta, ntchito imene yandilemba mizere isanu ndi inayi iye akuigwira yekha. Ndaponda kamtengo, wandiona, walowa kuseri kwa thumba.

ASakala: "Achimwene, dzipitani, mukudwalitsa chona."

Ndabwerera. Ndandanda ndaichotsa pachitseko.

Lamulungu

Basi yafika masana. Ndaima pakhomo ndi kachubu m'manja, mawu onse ndakonza.

Amake Tisa atula chikwama, aona bulangete, awerenga nkhuku ndi maso. Kenako aitana kamodzi kokha, osakweza mawu: "Sokosi."

Wadutsa pansi pa mpanda, mchira m'mwamba. Am'khazika pamiyendo. Madzi aja, pakona ya chitenje, diso lapukutidwa. Alanda kachubu kwa ine, dontho lalowa, dzanja linalo akundionetsa chithunzi cha mdzukulu pafoni. Chikhadabo sichinatuluke ngakhale chimodzi. Ndinaona mkango utagonekedwa, koma uja anaubaya jakisoni.

Sanachire monga ndinalembera. Akuyetsemulabe apo ndi apo, ndipo kachilomboko kakhala nafe mpaka kalekale. Ndavomera. Ntchito yanga kuyambira mawa ndi kuwiritsa madzi ndi kukhala patali.

Amake Tisa ayang'ana mikono yanga, ayang'ana lamba amene ndaboola bowo latsopano.

"Nanga inu, atate ake Tisa, mwadya liti?"

Ndaganiza, ndaganiza. Sindikukumbuka.