Chitsulo Chofufuma cha Alamu Anga

Mpaka lero ndikadutsa pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, pamapezeka wina wondifunsa ngati chitsulo changa chinapsa bwino. Ine ndimangoseka nawo, nanga nditani.

Nthawi imeneyo ndinali makaniko wa mathirakitala. Alamu anga, mchimwene wawo wa mayi akunyumba, ankaphunzira uinjiniya ku Blantyre. Atabwera ku holide anandiuza kuti akufuna kupanga aluminiyamu wofufuma.

"Wofufuma ngati mandasi, alamu?"

"Eya. Wa timabowo m'kati ngati chinkhupule. Wopepuka koma wamphamvu."

Ndinavomera (munthu wa sukulu sumutsutsa mlongo wake ali pompo). Tinasungunula mapoto obooka pa makala kuseri kwa nyumba, ine ndili pa mvukuto. Kenaka iwo anathiramo ufa wa makoko a mazira n'kumatakasa. Ndinkangoyang'ana uku ndi uku, kuopa kuti aneba, anthu opemphera kwambiri, aziti tayamba zamankhwala. Koma chinthucho chinafufumadi. Chitazizira anachiponya m'ndowa ya madzi, n'kuyandama. Mutu wanga unaima.

"Chatsala n'kuchiyesa mphamvu," anatero alamu, "koma makina ake ali kusukulu."

Ine mawu amene ndinagwira ndi akuti wamphamvu basi. M'mawa mwake ndinachitenga mwakachetechete kuti ndikaonetse anzanga. Masana, ngolo yodzaza masamba a tiyi inaphwa tayala pafupi ndi fakitale. Nditaikweza ndi jeke ndi kuchotsa tayala, m'malo moikira chipika monga mwa masiku onse, ndinaikira chitsulo chija, n'kutsitsa jeke kuti onse aone.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa a kapitawo.

"Sayansi, bwana."

Poyamba panali zii. Kenaka kunamveka ngati munthu akukukuta chimanga chokazinga. Ngolo inayamba kupendekeka pang'onopang'ono, mwaulemu ndithu, mpaka matumba onse anagubudukira m'ngalande yamatope. Amayi amene anathyola masambawo kuyambira m'mamawa anangoima, madengu ali kumsana, akundiyang'ana (akanandilalatira bwenzi zili bwinoko). A kapitawo anati ndikapume kunyumba kufikira adzandiitane.

Ndinakapereka chitsulocho kwa eni ake chitaphwatalala ngati chigumu. Ndinkadikira kuti akwiye. Iwo anachitembenuza, n'kumamwetulira.

"Chinaphwanyika kamodzin'kamodzi kapena pang'onopang'ono?"

"Pang'onopang'ono."

"Ndiye zatheka, alamu. Ntchito yake ndi imeneyo. Chikagundidwa chiziphwanyika mofatsa."

"Nanga mphamvu munkanena ija?"

"Ndi imeneyitu."

Anafunsanso ngati a kapitawo angalole kuti tibwereze iwo akuonerera. Ndinati akafunse okha.

Kuntchito anadzandiitana, mayi akunyumba atatopa nane pakhomo. Chimene ndinatolapo n'chakuti wa sukulu akati chinthu n'champhamvu, uziyamba wafunsa kuti mphamvu yake ndi yochita chiyani. Kungoti akayamba kuyankha, ine ndimasokonezeka kuposa poyamba.