Mmene Ndinawetera Seva ya ku Senga Bay

Inu mukumwetulira kumbuyoko, senderani kuno mundiuze pamaso kuti ndikunama. Wallahi, ine Saidi, ndi imvi zangazi, ndinawetapo seva ya maimelo ngati ng'ombe yapangolo.

Nthawi imeneyo ndinkakonza makompyuta pa loji ya mayi Asiyatu ku Senga Bay. Mayiwo atasintha dzina la loji, adiresi ya imelo inasinthanso, koma alendo ankalemberabe ku yakale, ndiye imelo iliyonse yofunsa chipinda inkafika pa seva, kompyuta yolandira ndi kugawa maimelo, n'kupeza kuti mwini dzinalo kulibe, n'kunjanja kubwerera komwe yachokera, ndipo liwiro lake linali loti ina inakagwetsa mzungu pampando ku Jeremani, ina inaphonya njira n'kumwaza usipa wonse pathandala, ina inang'amba thanga la ngalawa ku Chipoka. Mukumva?

M'zipinda munalibe mlendo, ophika anayamba kulongedza katundu. Mayi Asiyatu anandiitana: "A Saidi, mukalephera apa, tonse tikagulitsa mandasi."

Ndinapinda malaya n'kuikhazika pansi sevayo. Ndinailamula kuti imelo ikabwera ndi adiresi yakale, izifufuta n'kulembapo yatsopano, ndipo ya dzina losadziwika iziikanira pakhomo pomwepo, osati kuyamba yailandira kenako n'kumagenda nayo anthu osalakwa. Inakana, inafuka utsi, inandimenya shoko mpaka makiyi anasungunuka m'thumba, koma ndinaipana ndi mawondo, manja atagwira mawaya, n'kumataipa ndi zala zakumapazi mpaka inagonja.

Alendo anasefukira, ena tinawagoneka m'mitengo ya mango. Koma nzeru zinaichulukira sevayo, inayamba kukonza adiresi ya chilichonse: minibasi yopita ku Khombedza inangopezeka pageti pathu, kondakitala kukamwa kuli yasa, mvula yolunjika ku Dowa inakhotera m'munda mwa mlamu wanga, ndipo kalaliki wina atalembera chibwenzi chake cha ku Lilongwe, imelo inakafika kwa namwino wa pa Salima pompa, lero ndi banja, ana ali mbwee. Mukumva inu?

Mukuti ndikuonetseni sevayo? Chaka chomwe nyanja inasefukira, ng'ona inalowa mu ofesi n'kuimeza ndi mawaya omwe. Ng'onayo ilipobe ku Chipoka, ndipo siluma chisawawa: imayamba yafunsa dzina, likakhala losadziwika imakubweza kumtunda mwaulemu. Amene mukuti ndi bodza kasambeni kumeneko mawa. Maina anu nonse ndinawalowetsamo isanamezedwe.